KODI NJALA NDI CHILANGO CHA MULUNGU?

Aphunzitsi anzanga, pamene tiphunzitsa mbiri ya Aisrayeli, ana amamva kuti anthu aja anachimwa ndipo Mulungu anawalanga ndi chilala, nkhondo ndi ukapolo. Mwana wochenjera sachedwa kufunsa kuti, "Nanga banja lija losowa chakudya m'mudzi mwathu linachimwa chiyani?" Tisafulumire kuyankha, pakuti m'kalasi momwemo mungathe kukhala mwana wa m'banja lomwelo, ali chete kudikira mau athu.

Ife a ku Mchinji tili ndi chokumbukira. M'chaka cha 2001 mvula inachuluka, minda inamira ndipo zokolola zinachepa. Chimanga chimene boma linasunga m'nkhokwe zake chinali chitagulitsidwa. Pofika Febuluwale 2002 boma linalengeza kuti m'dziko mwagwa tsoka la njala, ndipo dera lathu linali limodzi mwa madera ovutika koposa. Anthu anadya madeya ndi zitsa za nthochi, nagulitsa mbuzi pa mtengo wotaya. Ena anaoloka malire kukafuna ganyu ku Zambia. Ogwidwa akuba mondokwa anamenyedwa koopsa. Oyamba kumwalira anali nkhalamba, ana aang'ono ndi odwala. Kodi amenewa ndiwo anali ochimwa oposa ife tonse?

Tiyeni tione mneneri Amosi, mbusa wa ku Tekowa, amene analalikira mu Israyeli m'masiku a mfumu Yerobiamu wachiwiri, dziko lili pabwino. M'mutu 4 iye akunena poyera kuti Yehova anamana anthu ake mvula ndi chakudya kuti abwerere kwa Iye, koma iwo sanabwerere. Chotero sitingaphunzitse ana kuti Mulungu saweruza. Amaweruza ndithu. Komatu tipenyetsetse kumene chala cha mneneri chikuloza. M'mutu 8 akudzudzula amalonda amene ankatopa nalo Sabata pofuna kukagulitsa tirigu, ochepetsa muyeso, okweza mtengo, ogulitsa ngakhale mankhusu kwa aumphawi. Mneneri sanaloze nyumba ya wanjala. Analoza nyumba ya mwini nkhokwe.

Tionenso ichi: chiweruzo chinayambira pa anthu a Mulungu eni ake. M'mutu 3 Amosi akuti Aisrayeli adzalangidwa chifukwa chomwecho chakuti ndiwo osankhidwa. Mudzi wa Samariya unagwa m'manja mwa Asuri m'chaka cha 722 Kristu asanabadwe. Ayuda anakhulupirira kuti Kachisi adzawatchinjiriza, koma m'chaka cha 586 Nebukadinezara anatentha Yerusalemu ndi Kachisi yemwe, natengera anthu ku Babulo. Ubatizo wathu, dzina lathu m'buku la mpingo, kapena mpando wathu m'bwalo la akulu a mpingo sizitibisa pamaso pa Mulungu. Wodziwa zambiri adzafunsidwa zambiri.

Ambuye Yesu anakumana nalo funso la mwana uja. Pa Luka 13 akukamba za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera niwapha. Iye anakana kuti anthuwo anali ochimwa kuposa ena okhala m'Yerusalemu, ndipo anatembenuzira mlandu kwa omvera, kuti iwo alape. Tsono tsoka la mnzathu silitipatsa ife mpando wa woweruza. Limatiitana kuti tidziyese tokha. Makolo athu anati, chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Nanga chifundo chili pati? Yeremiya analembera kalata akapolo a ku Babulo, nawauza kuti ukapolo wao uli ndi malire, zaka 70. M'chaka cha 538 Koresi mfumu ya Aperisiya analola Ayuda kubwerera kwao kukamanganso Kachisi. Sanabwerere chifukwa chakuti anasanduka abwino. Anabwerera chifukwa Mulungu anakumbukira pangano lake ndi Abrahamu. Chilango chake chinali cha kholo limene limakwapula mwana, koma madzulo limamuitana kudzadya nsima.

Chifundo chomwecho ndicho chinatifikira ife. Amishoni anayamba ntchito pa Mvera m'chaka cha 1889 ndi kuno ku Mchinji m'chaka cha 1914, makolo athu asanachite kanthu kakuyenera. Paulo pa Aroma 11 akutiyerekeza ndi nthambi zakuthengo zomezanitsidwa pa mtengo wa azitona, ndipo akutichenjeza kuti tisanyoze Ayuda, pakuti muzu ndiwo utinyamula ife. Tisaphunzitse ana ngati kuti Aisrayeli anali ouma mitu ndipo ife ndife omvera. Chiweruzo chimene chinayenera iwo ndi ife chinagwera Yesu pa mtanda.

Pokonzekera phunziro lino, tsimikizani kuti ana atuluke ndi zinthu izi. Adziwe kuti Mulungu amadana ndi tchimo, makamaka tchimo lopondereza wosauka. Adziwe kuti njala, matenda kapena umasiye sindizo chizindikiro chakuti banja latembereredwa. Ngati m'kalasi mwanu muli mwana wobwera wosadya, musamutchule pamaso pa anzake. Kauzeni mkulu wa mpingo wa dera lanu ndi amai a Chigwirizano Lamulungu lomwelo, kuti phunziro la chifundo likafike pakhomo pake lili m'lichero.