Foni yako ndi malole a pa msewu wa Mchinji

Mwana wanga, dzulo ndinakuona pa Namitete, foni m'manja, ukujambula malole olowera ku chipata cha Mchinji. Takhala pansi apa ndikuuze.

Kujambula lole ikudutsa si mlandu. Msewu wa M12 ndi wa tonse, ndipo lole yonyamula fodya kupita ku okushoni ku Kanengo imaonedwa ndi aliyense, ndi mbuzi zomwe. Dzina la kampani analilemba okha pachitseko kuti liziwerengedwa. Wina akakuopseza pa zimenezo usanjenjemere, komanso usamuyankhe mwamwano.

Koma m'lolemo muli munthu. Dalaivala uja ndi bambo wa ena. Akaima usiku n'kumasamba kuseri kwa matayala kapena kugona pampando, pamenepo ndiye pakhomo pake. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wosunga za mseri zake, ndipo silinapatule madalaivala. Yamba wapempha. Kunena kuti "Bambo, ndingakujambuleni?" sikuthyola lilime.

Mlandu weniweni umabadwa ndi mawu amene walemba pansi pa chithunzi. Ukaponya nambala ya lole pa gulu la WhatsApp n'kuti "akuba feteleza ndi awa," pamene mapepala a katunduyo sunawaone, mwini wake angakusumire kuti wamuipitsira mbiri, ndipo ng'ombe zolipira ulibe. Kulinso lamulo la 2016 la za pa intaneti, limene lagonetsa kale anthu m'chitokosi chifukwa cha zolemba pa Facebook ndi WhatsApp. Ukafufuta m'mawa, anzako anasunga kale usiku. Mlandu suola. Ndipo iwe unali wamng'ono mu 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje ndi ku Phalombe. Galimoto yachilendo inkangolozedwa chala, miyala n'kuyamba kuuluka. Usadzakhale iwe woloza.

Pa rodibuloko, pa chipata cha Mchinji, kapena magalimoto a asilikali akamadutsa, foni ibwerere m'thumba mpaka utafunsa. Malo ena boma limawateteza ndi lamulo lawolawo, ndipo tsiku lako lonse lingathere kupolisi ukufotokoza.

Sindikuti utseke maso. Ukaona lole ikuthamanga ngati yopenga pamene ana akuweruka kusukulu, kapena matumba a feteleza wotsika mtengo akutsitsidwa mumdima pamalo osayenera, jambula uli patali, nambala ioneke, usunge tsiku ndi nthawi. Kenako chithunzicho upite nacho kupolisi kapena ku bungwe lolimbana ndi ziphuphu la ACB, osati kwa anzako a pa bawo.

Chomaliza ndi chimene chimandiwawa. Lole ikagubuduzika, ana a masiku ano mumathamangira ndi mafoni, munthu akubuula pansi. Ife kale tinkayamba tamunyamula kupita naye kuchipatala cha St Gabriel's, wakufa n'kumufunditsa chitenje, uthenga n'kupita ndi akuluakulu amene amadziwa kukhazika munthu pansi asanamuuze. Mayi wina wa kwathu kuno anadziwira pa foni ya mwana wa mnzake kuti mwamuna wake wapita. Anamuzindikira ndi malaya amene anamuchapira yekha dzulo lake, ndipo anagwa pomwepo pa chitsime, ndowa ili pamutu.