Ng'oma ya Mnyozo Iitana Yani pa Nthawi ya Chisankho?

M'buku la Ntchito za Apostoli, mutu 19, Luka Woyera asimba za chipolowe chimene chidabuka mu mzinda wa Efeso. Mmisiri wina wosula siliva, dzina lake Demetriyo, adaona kuti malonda ake a timafano alinkugwa chifukwa cha chiphunzitso cha Paulo Woyera. Iye sadapite kwa Paulo kukatsutsana naye, ndiponso sadafune anthu amene anali asadasankhe mbali. Adasonkhanitsa amisiri anzake, anthu ogwirizana naye kale, nawaopsa kuti chuma chao chidzatha ndi kuti kachisi wao adzanyozeka. Mkwiyo wao udadzaza mzinda wonse, khamu lidapfuula ngati maora awiri, ndipo ambiri sadadziwe n'komwe chimene adasonkhanira.

Nzeru ya Demetriyo ikali moyo pa nthawi ya chisankho, makamaka m'dziko la United States, kumene zipani zitaya ndalama zochuluka kugula nthawi pa wailesi ya kanema kuti zinyoze wopikisana nazo. Tsono funso ndi ili: kodi uthenga wonyozawo ukopa munthu amene akali kulingalira woti amvotere, kapena ungosonkhezera moto mwa iwo amene ali m'chipanimo kale?

Chitsanzo chotchuka ndi cha pa 7 September 1964. Usiku umenewo anthu a pulezidenti Lyndon Johnson adaonetsa kamtsikana kalikuthothola duwa, kalikuwerenga. Mwadzidzidzi mau a mwamuna adayamba kuwerenga chobwerera, ndipo bomba la atomu lidaphulika. Dzina la Barry Goldwater, wopikisana naye, silidatchulidwe, koma aliyense adamva tanthauzo lake: munthu uyu akalamulira, ana adzapsa. Uthengawo adaulipira kamodzi kokha, koma olengeza nkhani adaubwereza. Johnson adapambana ndi mavoti 61 pa 100 alionse, Goldwater nangotenga zigawo 6 mwa 50. Ambiri adati kamtsikana kaja ndiko kadapambanitsa. Komatu Johnson anali patsogolo kutalitali uthengawo usadaoneke. Tambala alira, kunja nikucha, koma si tambala amene atulutsa dzuwa.

Anthu ophunzira adafufuza nkhaniyi kwa zaka zambiri. Pa chisankho cha 1940, Paul Lazarsfeld ndi anzake adatsata ovota a m'boma la Erie ku Ohio, nawafunsa mwezi ndi mwezi. Adapeza kuti kampeni yonse idatembenuza anthu ngati 8 okha pa 100, pamene oposa theka idangowalimbitsa pa maganizo amene anali nao kale. Mu 1995 Stephen Ansolabehere ndi Shanto Iyengar adalemba kuti uthenga wonyoza ulimbitsa a m'chipani, koma ufooketsa munthu wopanda chipani, kotero kuti anyansidwa nangokhala kunyumba tsiku lovota. Mu 2007 Richard Lau ndi anzake awiri adasanthula mafukufuku 111. Iwo sadavomere kuti mnyozo uchepetsa ovota, koma adaona kuti ngakhale anthu aukumbukira kwambiri, si njira yodalirika yopezera mavoti, ndiponso uchepetsako chikhulupiriro cha anthu pa boma lao. Mu 2018 Joshua Kalla ndi David Broockman, atayang'ana mayeso 49, adati pa chisankho chachikulu mphamvu ya kampeni yotembenuza munthu iri pafupi ndi chabe.

Akatswiriwa asiyana pa zina, koma agwirizana pa chimodzi: munthu wa pakati satembenuka msanga ndi mnyozo. Chifukwa chake nchosabvuta kuchiona. Iye amene sasamala za ndale sachedwa kuiwala zimene wamva, ndipo akamva mbali iyi mmawa amva mbali inayo madzulo. Koma wa m'chipani alandira mnyozo ngati mvula pa munda wolima kale. Ng'oma ikalira pabwalo, oyamba kudzuka ndi amene adziwa kale guleyo.

Apa ndipo pali phunziro la Mkristu. Kawirikawiri munthu adandaula kuti mabodza a chisankho adzanyenga anthu ena, osaphunzira kapena ofooka. Koma muvi umenewu sadausulire mlendo. Adausulira iye mwini, wokonda chipaniyo. Amene amva kukoma mumtima pomva mdani wa chipani chake alikunyozedwa, ameneyo ndiye wagwidwa. Makolo adati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Wolemba uthenga uja safuna kumphunzitsa kanthu. Afuna mkwiyo wake, ndalama zake, ndi pakamwa pake kuti akabwereze mauwo kwa ena.

Lamulo lachisanu ndi chitatu la Mulungu liletsa umboni wonama, ndipo Eklezia aphunzitsa kuti pansi pake pali machimo atatu ofanana: kuweruza mnzako popanda umboni wokwanira, kuulula zolakwa zake zobisika popanda chifukwa choyenera, ndi kumnamizira zimene sadachite. Lamuloli silipita kutchuthi pa nyengo ya chisankho. Wofuna udindo akali mwana wa Mulungu, ndipo mbiri yake ndi chuma chake. Woiba mbuzi ayenera kubweza mbuzi. Woononga mbiri ya mnzake ayenera kuikonza. Amene atumiza bodza pa lamya kwa anthu makumi awiri ali ndi ngongole kwa anthu makumi awiri, ngakhale sadalipeke ndiye.

Izi sizitanthauza kuti Mkristu atseke pakamwa. Wofuna kulamulira anthu ayenera kuyesedwa poyera. Kunena zoona za ntchito zake, za malonjezo amene adaswa, kapena za chuma cha anthu chimene adasakaza, ndi ntchito ya chilungamo, pakuti ubwino wa onse ndi chifukwa choyenera. Yohane Mbatizi adadzudzula Herode maso ndi maso. Kusiyana kwake ndi uku: Yohane adanena choona kwa wolakwayo, nalipira ndi mutu wake, Demetriyo adalankhula kwa anzake okhaokha, kuti ateteze thumba lake.

Chifukwa chake akatekisiti achita bwino kuphunzitsa Akristu mafunso atatu. Loyamba: kodi mauwa ndi oona, ndipo umboni wake uli kuti? Lachiwiri: kodi akhudza ntchito imene munthuyo afuna, kapena angonyoza mtundu wake, banja lake ndi maonekedwe ake? Lachitatu, lopambana onse: mau omwewa akadanenedwa za mtsogoleri amene iye amkonda, kodi akadawakhulupira msanga chotere? Munthu amene ayesa mbali zonse ziwiri ndi muyeso umodzi sagulika ndi mnyozo.

Chipolowe cha ku Efeso chidatha pamene mlembi wa mzinda adatontholetsa khamu, nalikumbutsa kuti mabwalo a milandu alipo ndi kuti mlandu ufuna umboni. Mudzi uliwonse ndi Mphakati uliwonse usowa munthu wotere. Chisankho chikapita, opambana ndi ogonja adzagwada pa guwa limodzi. Mulungu apatse ana ake lilime loona ndi mtima wofatsa, kuti pa tsiku limenelo athe kupatsana moni wa mtendere popanda manyazi.