Pemphero la Anthu a kwa Jenala Potsazikana ndi Ana Opita ku Sukulu za Ukachenjede

Mulungu Atate, Chauta, Namalenga wathu, Inu amene munaimika mapiri a Michesi ndi Mulanje n'kuyala chigwa cha Phalombe mpaka kunyanja ya Chilwa, ife anthu anu a kwa Jenala tagwada pamaso panu. Tabwera ndi ana athu amene amanga kale katundu. Kuno kwathu kulibe yunivesite, choncho aliyense amene mwamutsegulira khomo ayenera kutisiya. Tikuwapereka m'manja mwanu, ana a mumpingo muno pamodzi ndi ana a anansi athu opemphera kumipingo ina ndi kumzikiti.

Tikuthokozani chifukwa mayina awo anatuluka pa mndandanda wa bungwe la NCHE. Ambiri a iwo anaphunzira pa sekondale zoyendera, kupalasa njinga m'matope, kuwerenga ndi tochi, buku limodzi kulimbirana kalasi yonse. Mu 1965, pamene University of Malawi inkayamba kuphunzitsa ku Blantyre, ophunzira anali 90 okha dziko lonse, ndipo agogo athu ankangomva kuti kuli sukulu yotero. Lero zidzukulu zawo zikupita ku Chirunga ku Zomba, ku MUST ku Ndata, ku MUBAS ndi ku KUHeS ku Blantyre, ku Bunda, ena mpaka ku Mzuzu. Koma tikukumbukiranso amene anakhoza bwino MSCE, nafufuza dzina lawo pa foni kuyambira pamwamba mpaka pansi osalipeza. Ali nafe pano, akuimba nawo, koma mtima ukuwawa. Musawataye, Ambuye. Atsegulireni njira ina, kaya ya uphunzitsi, ya unamwino kapena ya ntchito zamanja, ndipo mutiletse kuwayang'ana ngati olephera.

Atate, kumene akupita anawa moyo umayendera zidziwitso. Kapepala kamodzi kokhomedwa pakhoma, kauthenga kamodzi ka pa WhatsApp, kamatha kumuseketsa mwana kapena kumugonetsa ndi njala. Tikupempha kuti mudzaime pambali pawo powerenga.

Mudzaime nawo tsiku limene bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira lidzatulutse mayina. Bungweli linakhazikitsidwa mu 2015 kuti mwana wa mlimi asabwerere pakhomo la sukulu chifukwa cha umphawi, koma opempha ndi ambiri kuposa ndalama zimene zilipo. Patsani ogawa ngongoleyo maso oona wosowa weniweni, amene alibe wachibale mu ofesi woti amulankhulire. Gwirani mitima ya amene anaphunzira ndi ngongole yomweyi zaka zapitazo, lero ali pantchito koma sabweza. Akumbutseni kuti ndalama imene akusunga ndi fizi ya mwana wina. Mudzaime nawonso podzalengezedwa tsiku lomaliza kulipira, kuti wosamaliza fizi salowa m'chipinda cha mayeso. Inu mukudziwa kumene fizi yathu imachokera: nandolo, mpendadzuwa, thumba la mpunga, mbuzi yomwe tinkasungira maliro. Mitengo ikagwa pamsika kuno, mwana ku Zomba amadya kamodzi patsiku osatiuza. Dalitsani minda yathu, ndipo ogula mbewu zathu asatibere pasikelo.

Tikupempherera pogona pawo. Mahositelo ndi ochepa, ambiri adzachita lendi, kaya ku Chikanda kaya kwa Goliati, atatu kapena anayi m'kachipinda kamodzi. Atetezeni kwa akuba pobwerera usiku kuchokera kulaibulale. Apatseni eninyumba achifundo, ndi anzawo ogona nawo amene sabisa ndiwo mnzawo akalibe.

Ana athu aakazi, Ambuye, tikuwatchula mwapadera, chifukwa kuti afike apa adutsa pakati pa ofunsira ambiri, ndipo ena mwa ife tomwe tinkati bola angokwatiwa. Alanditseni kwa abambo a magalimoto amene amadikira mwezi ukafika pakati, ndi kwa mphunzitsi aliyense amene angafune thupi la mwana posinthanitsa ndi malikisi. Mwana akadandaula, akuluakulu a sukulu amumvere, asamuchititse manyazi. Anyamata athu muwaletse mowa ndi kubetcha pa foni, kumene kumadya ndalama ya semesita yonse usiku umodzi.

Padzabwera chidziwitso cha zotsatira za mayeso. Wina adzaona kuti wakhoza, wina ali ndi sapu, wina akubwereza chaka, wina wawidedwa, ndiye kuti wachotsedwa sukulu. Uyu womalizayu ndiye tikumulirira kwa Inu. Mudzi wonse unamuperekeza ndi nthungululu, ndipo adzaona ngati palibe nkhope yobwerera nayo. Tamva za achinyamata odzichotsera moyo chifukwa cha ngongole, chibwenzi kapena mayeso. Chotsani maganizo amenewo pa ana athu. Atumizireni mnzawo wogogoda pachitseko, mbusa, mlangizi, aliyense woti akhale naye pansi. Ndipo ife makolo mutiphunzitse kunena momveka, iwo asananyamuke, kuti pakhomo pano ndi pawo ngakhale atabwera opanda pepala.

Tikudziwa kuti pasukulu za ukachenjede pamabuka mikangano. Sitikupempha kuti ana athu akhale osalankhula. Mu March 1992 ophunzira a ku Chancellor College anatuluka mumsewu kugwirizana ndi kalata ya maepiskopi a Katolika, pamene akuluakulu ambiri ankanong'onezana m'nyumba, ndipo ufulu umene tikupempherera poyera lero iwo anaikapo dzanja. Koma tikukumbukiranso 2011, pamene maphunziro ku Chirunga anaima miyezi yambiri pa mkangano wa ufulu wa aphunzitsi, ndipo chaka chomwecho Robert Chasowa, wophunzira wa ku Polytechnic, imene lero ndi MUBAS, anapezeka atafa pasukulupo. Zoterezi zisabwererenso m'dziko lathu. Patsani atsogoleri a ophunzira nzeru yosiyanitsa dandaulo lenileni ndi ndale za anthu ofuna kuwagwiritsa ntchito. Oyendetsa sukulu azimva madandaulo matayala asanayatsidwe, apolisi agwire mtima, aphunzitsi alandire malipiro awo pa nthawi yake. Sukulu ikatsekedwa mwadzidzidzi, mwana wa ku Blantyre amafika kwawo madzulo omwewo, koma wathu amayamba wakongola ya basi.

Zimene akaphunzire, Atate, zidzafike kuno. Napolo anatsika m'Michesi mu 1991 natitengera abale; namondwe Freddy mu 2023 anakokolola midzi, milatho ndi minda. Tikufuna ana odziwa kuwerenga mitambo ndi nthaka, omanga milatho yosagwa, madokotala oti mayi wa kumudzi akalankhula amumve. Asachite manyazi kunena kuti kwawo ndi ku Phalombe, kapena kuyankha agogo awo m'Chilhomwe. Ifenso mutikhululukire pamene timawasenzetsa mavuto onse a pamudzi, kuwaimbira foni kupempha ndalama ya feteleza pa kangongole kawo kodyera, ngati kuti ayamba kale kulandira.

Mawa ena akwera kabaza kukapeza minibasi, ena adzera msewu wa ku Jali kupita ku Zomba, ena wa ku Chitakale kupita ku Limbe. Gwirani chiwongolero cha madalaivala, katundu wawo asasowe panjira, ndipo amene sanafikeko m'tauni apeze munthu wabwino wowalozera kolowera.

Tapempha zonsezi m'dzina la Yesu Khristu, Ambuye wathu. Ameni.