KAMTENGO KOTHYOKA

Mau olalikidwa mu mpingo wina wa patsinde pa Michesi. Werengani Luka 13:6-9 ndi Agalatiya 6:1-2.

M'fanizo limene tawerengali muli anthu awiri oimirira pa mtengo umodzi. Mwini munda watopa nao mkuyu wache, pakuti waudikira zaka zitatu osadyako kanthu, ndipo mtima wache uli kale pa nkhwangwa. Koma wosunga munda aupempherera chaka china, kuti aukumbire kutsinde nauthirire ndowe. Lero tiyang'ane pa munthu wachiwiriyo, pakuti ntchito yache ndiyo imene Ambuye anatisiyira ife, ndipo ine ndemwe ndinaiphunzira mochedwa, ndi manyazi.

Mukumbukira mwezi wa March 1991, pamene napolo anatsika ku Michesi. Mukumbukiranso March 2023, pamene mvula ya Freddy inagumula mapiri niononga midzi ya dziko lathu lino la Phalombe. Ambiri a inu munataya zoposa nyumba. Ife pano tinataya khoma limodzi la nyumba ya mapemphero, ndipo pofika chirimwe tinaumba njerwa kuti tilimangenso. Mnyamata wina wa m'kalasi anabwereka ngolo ya amalume ache, natuta njerwazo masiku anai wosafunsa malipiro. Tsono pafupi ndi khomo panali kamtengo ka lalanje komezanitsa, kosafika pa chifuwa cha munthu, kamene anakabzala mai wina wokalamba wa Mvano, nakathirira zaka ziwiri ndi madzi otunga pamutu. Tsiku lachinai ng'ombe zinabwerera m'mbuyo modzidzimuka, ndipo gudumu linakaponda. Nthambi imodzi inathyokeratu. Yina inang'ambika pa mphanda, nitsala yolendewera.

Tonse tinati, Kafa aka, tikazule, tidzagula kena. Koma maiyo anati, "Taimani, bambo." Nagwada, nakanda khungwa ndi chikhadabo chao, natisonyeza kuti pansi pache panali pobiriwira ndi ponyowa. Nati, "Kali moyo. Ndipatseni mpeni wakuthwa." Zimene anachita tsikulo ndi miyezi yotsatira ndizo mitu ya mau anga.

Choyamba, anayang'ana asanaweruze. Maso athu anaona masamba ofota m'fumbi, koma moyo wa mtengo sukhala m'masamba okha. Madzi akwera kuchokera ku mizu m'kati mwa thunthu, chakudya chopangidwa m'masamba chitsika m'kati mwa khungwa, ndipo pakati pa ziwirizi pali kanyama kopyapyala kamene mtengo ukulira nako nutseka mabala ache. Kanyamako kakakhala kobiriwira ndi mizu ikakhala yosazuka, chiyembekezo chiripo. Amene munagwirako ntchito m'minda ya tii ku Mulanje mudziwa kuti tii amdula kufikira atsala zitsa zokhazokha, ndipo mlendo akapita anganene kuti munda wafa. Koma ikafika nyengo yache munda wonse ubiriwiranso. Momwemonso nandolo wathu, tikamdulira titakolola, aphukanso. Kodi ndi abale angati amene tinawalemba m'mitima yathu kuti afa, chifukwa tinaona masamba okha? Munthu waleka kudza ku mapemphero, wagwa m'mowa, kapena wabala mwana wosalowa ukwati, ndipo tinena, Uja watayika. Ndani wa ife anapita kukagwada pa khomo lache, kukaona ngati pansi pa khungwa pali pobiriwira?

Chachiwiri, anadula chimene chinayenera kudulidwa, namanga chimene chinayenera kumangidwa. Nthambi yothyokeratu anaidula ndi mpeni, mopendeketsa, pamwamba pa diso la mphukira, pakuti bala lokhadzukakhadzuka lisunga madzi nilioletsa mtengo, koma bala losalala mtengo ulitseka wokha. Sanapakepo phula kapena utoto. Nthambi yong'ambika anaibwezera pamalo pache tsiku lomwelo, khungwa kukhudzana ndi khungwa, lisanaume. Naikulunga ndi mphira ya chubu cha njinga, naichirikiza ndi nsungwi kuti mphepo isaigwedeze. Taonani, abale, chifundo cha wosunga munda chiri ndi mpeni m'dzanja. Tchimo liyenera kutchulidwa dzina lache ndi kuchotsedwa. Mpingo umene uopa kutero uoletsa ana ache. Komatu mpeniwo udula nthambi yakufa yokha, ndipo udula kamodzi. Ife tidula mawa, tidulanso mkuja, pa chitsime ndi pa chigayo, ndi malilime obuntha, kufikira bala la mbale wathu lakula kuposa mmene linayambira. Chifukwa chache Paulo, polembera Agalatiya, afuna kuti wobweza mnzache wogwa akhale munthu wofatsa, wokumbukira kuti iyenso angathe kugwa.

Ndipo pali chinthu china m'mphirayo. Itapita miyezi itatu maiyo anaimasula. Ndinawafunsa chifukwa chache, nati, "Mukaisiya idzalowa m'khungwa pamene kamtengo kali kunenepa, ndipo chimene chinakachiritsa chidzakapha." Akulu a mpingo anzanga, mverani mau awa. Chilango cha mpingo chiri ngati mphira ija: timanga kuti chong'ambika chilumikizike, ndipo liyenera kukhalapo tsiku lomasula. Alipo anthu m'midzi yathu amene anaimitsidwa pa Mgonero zaka zapitazo, nalapa kalekale, koma palibe mkulu anabwerera kukaona ngati bala lapola.

Chachitatu, anatchinga, nathirira, nadikira. Anamanga kampanda ka minga chifukwa cha mbuzi, pakuti mbuzi ikonda mphukira yanthete koposa tsamba lokhwima. Anathira madzi kutsinde m'madzulo, naphimbira nthaka ndi maudzu ouma, koma osawagunditsa pa thunthu, kuopa chiswe. Sanafulumire kuthira feteleza, pakuti muzu wa mtengo wovulala ungapse naye. Ndowe yowolerana anaithira pamene masamba atsopano anaoneka. Ndipo pamene mphukira zamphamvu zaminga zinatuluka m'munsi mwa pomezanitsa, anazibudula zonse. Ndinadabwa, pakuti ndizo zinaoneka zokondwa kuposa zina. Koma anati, "Izi nza ndimu ya kumizu. Zikakula zidzalanda madzi onse, ndipo lalanje lidzafa." Indetu, mu mtima wovulala zimene zifulumira kumera ndizo mkwiyo ndi manyazi ndi kudzipatula, ndipo zikapanda kubudulidwa msanga ndi dzanja lachikondi, munthu akhala ndi moyo koma zipatso zache zisanduka zowawasa. Maluwa oyamba amene kamtengo kanachita anawathotholanso, kuti mphamvu ipite ku kuchira. Ifenso tisamsenzetse katundu mbale wongobwerera kumene, kapena kumfunsa zipatso sabata yomweyo. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Musapeputse kamtengo kamodzi kofooka. M'chaka cha 1878 Jonathan Duncan, wosunga munda wa Mishoni ya Blantyre, anadza ndi timitengo titatu ta khofi tochokera ku Edinburgh. Tiwiri tinafa, kamodzi kanatsala. Ndipo mbeu za kamodziko ndizo zinayambitsa minda yoyamba ya khofi m'mapiri a Shire. Munthuyo akadatopa nako, ndani akadadziwa chimene chatayika?

Tsopano ndinene za manyazi anga. Tsiku lija panathyoka zinthu ziwiri, ndipo ine ndinaona chimodzi chokha. Pamene gudumu linaponda kamtengo, ndinakalipira mnyamata uja pamaso pa anthu onse, ndi kumutcha wopanda nzeru ndi woononga za Mulungu. Iye sanayankhe. Anatsitsa njerwa zotsala, nakusa ng'ombe zache, napita. Ndipo miyezi isanu ndi iwiri sanapondenso pano. Sanachite dala, anadza kudzatithandiza. Amene anachita dala ndi lilime lache ndine. Sabata ndi sabata ndinali kuima pa kampanda kaja kuwerenga masamba atsopano, wosazindikira kuti m'kalasi muli malo opanda munthu. Tsiku lina maiyo anandipeza pomwepo, nati, "Bambo, kamtengo kachira. Nanga mwana uja mudzam'manga liti?"

Ndinapita kwao madzulo omwewo. Ndinampeza ali kusenga ng'ombe msipu, ndipo ndinati, "Mwana wanga, ndinakulakwira. Undikhululukire." Anayang'ana pansi nthawi yaitali, nati, "Ndinayesa kuti simundifunanso, bambo." Sanabwere Sabata lotsatira, kapena linzache, pakuti bala lokhalitsa lisanamangidwe lichedwa kupola. Koma anabwera. Ndipo maiyo anampatsa iye chitini chothirira, nati kamtengoko nkache tsopano. Mukatuluka mukaone: chipsera chiripo pa mphanda, chotupa ndi chokhota, ndipo sichidzachoka, koma nthambi yomweyo ndiyo inayamba kubala.

Abale, Ambuye wathu Yesu ndiye Wosunga munda amene aimirira pakati pa ife ndi nkhwangwa. Petro atamkana katatu, Iye sanafune mtumwi wina m'malo mwache. Anamtsata ku nyanja ya Tiberiya, namfunsa za chikondi chache, nampatsanso nkhosa kuti aziwete. Ndipo Iye mwini anauka kwa akufa ali ndi zipsera m'manja. Ngati muli wothyoka lero, ngakhale ndi tchimo lanu, ngakhale ndi gudumu la mnzanu, musadziyese wakufa. Idzani kwa Iye bala lisanaume. Ndipo ngati mukumbukira munthu amene munamponda, mwadala kapena mwangozi, musadikire Sabata la mawa. Dzuwa likadalipo, njira ya kwao muidziwa.

Tipemphere. Atate wathu wa Kumwamba, Inu amene simunatizula pamene tinali osabala, tipatseni maso akuona moyo wotsala mwa abale athu, ndi manja ofatsa akumanga, ndi mtima wakudikira; mwa Yesu Kristu Ambuye wathu. Amen.