Kodi Njira Ili ndi Mwini Wake?

Ambiri a ife tikudziwa kanjira kodutsa m'munda mwa munthu kupita kumjigo kapena kumtsinje wa Domasi. Mundawo ndi wake. Koma akakangana ndi mnansi mmodzi n'kuika minga pakanjirako, ovutika ndi amayi a mudzi wonse osenza zidebe. Funso lathu sabata ino ndi ili: kodi amene njira yadutsa pakhomo pake ali ndi ufulu woitseka kuti alange mdani wake?

Panyanja palinso tinjira totere. Sitima zochokera ku Asia kupita ku Ulaya zimalowa mu Nyanja Yofiira pampata wopapatiza wa Bab el-Mandeb, pafupi ndi dziko la Yemen. Kuyambira mu Novembala 2023, gulu la a Houthi lidayamba kugwira ndi kuombera sitima zamalonda pamenepo, ponena kuti likumvera chisoni anthu a ku Gaza. Mu Malichi 2024 antchito atatu a m'sitima ya True Confidence adaphedwa: awiri a ku Philippines, mmodzi wa ku Vietnam. Sitima zambiri zidayamba kuzungulira ku South Africa, ulendo n'kutalika, mtengo wonyamulira katundu n'kukwera.

Ife a Malawi ululu umenewu timaudziwa. Mafuta ndi feteleza wathu zimadzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. M'zaka za m'ma 1980, nkhondo ya ku Mozambique itatseka njanji za ku Beira ndi Nacala, tidalipira mtengo wa mkangano womwe sunali wathu.

Abale athu achisilamu, amene timakhala nawo limodzi kuno ku Malosa, ali ndi chiphunzitso chozama pankhaniyi, ndipo ife a Bahá'í timalemekeza Qur'an monga Mawu a Mulungu. Sura yachiwiri imatchula zombo zonyamula zinthu zothandiza anthu ngati chimodzi mwa zizindikiro za Mlengi. Wapaulendo ali m'gulu la oyenera kulandira zakaat. Sura yachisanu imalamula kuti kudana ndi anthu kusatichititse kusiya chilungamo. Mtumiki Muhammad adaphunzitsanso kuti kuchotsa chopunthwitsa panjira ndi gawo la chikhulupiriro.

Komabe tisafulumire kuweruza. Wina anganene kuti: "Munthu wopanda mphamvu akaona anzake akuphedwa, dziko lili chete, agwire chiyani kupatula njira yomwe ili m'manja mwake?" Chisoni chakecho ndi chenicheni, ndipo Qur'an yomweyo imalamula kuteteza oponderezedwa. Tisaiwalenso kuti maiko amphamvu nawo amatsekera anzawo madoko, osauka n'kumagona ndi njala.

Yankho lili pa amene akulandira chilangocho. Qur'an imabwereza kangapo kuti munthu sasenza mtolo wa machimo a mnzake. Wantchito wa m'sitima uja sadalakwire Gaza. Mlimi wa kwa Malemia woyembekezera thumba la feteleza sadalakwire aliyense. Chilungamo chogwera wosalakwa chasanduka kuponderezana kwina, kaya wotseka njira ndi wamphamvu kapena wofooka.

Bahá'u'lláh adaphunzitsa kuti anthu onse ndi banja limodzi, ndipo maiko ayenera kugwirizana kuti aletse limodzi aliyense woukira mnzake. Ngati ndi choncho, wokhala pampata si mwini njira. Iye ndi msungi chabe, ndipo adzafunsidwa za aliyense amene adamubweza.

Tikambirane:

1. Ndi njira ziti zomwe zili m'manja mwathu, monga mjigo, chigayo kapena siginecha ya paofesi?

2. Kodi tidayamba tatsekerapo wosalakwa njira pofuna kukhaulitsa wina?

3. Tingathandize bwanji woponderezedwa popanda kupweteka wachitatu?