Kodi munthu angaweruzidwe pa mlandu womwe sanauzidwe?



Sabata yathayi m'kalasi mwathu tinkakambirana za bwalo lina la milandu la ku Britain lotchedwa SIAC, ndipo chichokereni tsiku limenelo mtima wanga sunakhale m'malo. Tangoganizani. Mwathawa kwanu chifukwa boma la kwanuko likufuna moyo wanu. Mwafika m'dziko la eni, mwapempha pobisala. Kenaka apolisi akutengani, akuti ndinu chiopsezo pa chitetezo cha dziko. Mukafunsa kuti ndalakwanji, akuti zimenezo sitingakuuzeni zonse. Tsiku la mlandu mwalowa m'khoti, mwamvako pang'ono, kenaka akuti inu ndi loya wanu mutuluke kaye. Chitseko chatsekedwa, ndipo mlandu weniweniwo wayamba inu muli panja.

Bwaloli linabadwa chifukwa cha munthu wina yemwe sanali Msilamu n'komwe. Karamjit Singh Chahal anali Msikh wa ku India. Mu 1990 boma la Britain linafuna kumubweza kwawo ponena kuti ndi woopsa, iye n'kupempha chitetezo ngati wothawa kwawo poopa kukazunzidwa. Anakhala m'ndende zaka zoposa 6. Mu 1996 khoti la ku Europe loona za ufulu wa anthu, la ku Strasbourg, linagamula kuti munthu sangabwezedwe komwe angakazunzidwe ngakhale boma limuone ngati woopsa bwanji, komanso kuti sanapatsidwe njira yoyenera yotsutsira zomwe ankamunenera. Chaka chotsatira, 1997, aphungu anapanga lamulo lokhazikitsa SIAC.

Njira yomwe anapeza ndi iyi. Umboni wachinsinsi umaonedwa ndi majaji komanso loya wapadera yemwe boma linamuunika n'kumukhulupirira. Loyayu amaimira woimbidwa mlandu kuseri kwa chitseko. Koma akangoona umboniwo, saloledwanso kulankhula momasuka ndi munthu yemwe akumuimirayo. Apa ndi pomwe pakundivuta. Tiyerekeze kuti pepala lachinsinsi likuti tsiku lakuti munali ku msasa wa zigawenga. Inu nokha ndi amene mukudziwa kuti tsiku limenelo munali m'chipatala mkazi wanu akubereka, ndipo chiphaso chake chili mu sutikesi. Loya uja sangakufunseni, inunso simukudziwa kuti chiphasocho chikufunika. Jaji akhoza kukhala wachilungamo, loya wanzeru, koma yankho lakhala panja pa chitseko pamodzi ndi mwini wake.

Pambuyo pa 11 September 2001, Britain inapanga lamulo lololeza kutsekera nzika za mayiko ena zoganiziridwa zauchifwamba popanda kuzizenga mlandu komanso popanda tsiku lotulukira. Ambiri mwa amuna omwe anagwidwa anali Asilamu ochokera kumpoto kwa Africa, ndipo ena anasungidwa ku ndende ya Belmarsh ku London. Boma linkati ndende yake ili ndi makoma atatu okha, yemwe akufuna atha kubwerera kwawo. Koma wothawa kwawo abwerera kuti? Mu December 2004 majaji a khoti lalikulu koposa m'dzikomo, 8 mwa 9, anagamula kuti lamuloli likuphwanya ufulu wa anthu ndipo ndi latsankho, chifukwa nzika ya Britain yoganiziridwa zomwezo sinkatsekeredwa chonchi. Ian Macdonald, mmodzi mwa maloya apadera aja, anatula pansi udindo wake mwezi womwewo.

Tsono ndisanamize munthu, mbali inayo ili ndi mfundo zake, ndipo mnzanga wina m'kalasi anandipanikiza nazo mpaka ndinasowa chonena. Anati: bwanji ngati yemwe wapereka umboniwo ndi munthu wa mumzikiti womwewo, yemwe anamva anthu akupangana zophulitsa basi n'kukanena kuti apulumutse miyoyo? Ukatchula dzina lake, mawa lake ndi maliro. Zoona. Pa 7 July 2005 anthu 52 anaphedwa ndi mabomba ku London, ndipo ena mwa iwo anali Asilamu omwe ankangopita kuntchito. Boma lomwe silingateteze anthu ake lalephera udindo wake woyamba. Ife achinyamata a Chisilamu tili ndi chizolowezi choti tikangomva kuti m'bale wagwidwa ku Ulaya timathamangira kunena kuti ndi chidani basi. Si onse omwe anagwidwa anali oyera m'manja, ndipo kukana zimenezi n'kudzinamiza.

Komabe nditasinkhasinkha ndinaona kuti pali zinthu ziwiri zomwe timaziphatikiza. Kubisa yemwe wanena ndi nkhani ina, kubisa zomwe zanenedwa ndi nkhani inanso. Dzina la kazitape ndi njira yomwe anamvera zikhoza kubisidwa, ndikuvomera. Koma mutu wa mlandu, kuti unali pakuti, unakumana ndi wakuti, mwezi wakuti, uyenera kufika m'makutu mwa mwini wake. Makhoti nawo anafika pomwepa mochedwa. Mu 2009 khoti la ku Strasbourg lija, pa mlandu wa amuna a ku Belmarsh, linati munthu wotsekeredwa ayenera kuuzidwa zokwanira kuti athe kulangiza loya wake momwe angayankhire. Koma musaganize kuti chitseko chinatseguka. Milandu yachinsinsi ikuchitikabe, ndipo mu 2013 aphungu anaikulitsa kuti izichitikanso m'makhoti ena wamba. Chomwe chinayambira pa mlendo chinafika pa mwini mudzi.

Ife Amalawi zotsekera munthu osamuuza mlandu si zachilendo. Dzaleka ya ku Dowa, komwe othawa kwawo akhala akusungidwa kuyambira 1994, inali ndende ya anthu ogwidwa pa zifukwa zandale nthawi ya chipani chimodzi. Funsani agogo anu kuti munthu ankatengedwa bwanji masiku amenewo. Wina ankangokanong'oneza kwa akuluakulu, basi.

Chomwe chandidabwitsa kwambiri n'choti funso lonseli ndinalimva kalekale ku madrassah, ndili ndi zaka ngati 10, kungoti sindinkadziwa kuti ndi funso la zamalamulo. Ustadhi wathu ankakonda nkhani ya msamuko wa ku Habasha. Maswahaba atatopa ndi mazunzo a ku Makkah, Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) anawauza kuti apite kwa Najashi, mfumu ya Chikhristu yomwe sinkapondereza munthu. Ife ana tinkadikira pomwe Ja'far ibn Abi Talib awerenge Surah Maryam mfumu n'kugwetsa misozi. Zomwe zinachitika izi zisanafike sitinkazilabadira.

Ma Quraish anatuma anthu awiri, Amr ibn al-As, yemwe nthawi imeneyo anali asanalowe Chisilamu, ndi Abdullah ibn Abi Rabi'ah. Iwowa sanayambire kwa mfumu. Anayamba azungulira nduna zake mmodzimmodzi ndi mphatso za zikopa, n'kuwapempha chinthu chimodzi: tikakalankhula ndi mfumu, mukailangize kuti iwapereke anthuwa kwa ife isanalankhule nawo. Mfundo yawo inali yomveka ndithu, yoti abale awo ndi amene akuwadziwa bwino anthuwa ndi zolakwa zawo. Kodi si zomwezo zomwe boma lozunza limauza boma linzake lero likamatumiza mbiri ya munthu yemwe analithawa? Umm Salamah, yemwe analipo pakati pa othawawo ndipo ndi amene anasimba nkhaniyi, anati panalibe chomwe nthumwizo zinkadana nacho kuposa kuti mfumu imve Asilamuwo akulankhula okha.

Najashi anakwiya. Anakana kupereka anthu omwe anasankha dziko lake ndi chitetezo chake asanawaitane n'kuwafunsa za zomwe akunenedwazo. Taonani kuti sanalonjeze kuwasunga zivute zitani. Anati zikapezeka zoona awapereka, zikapezeka zabodza awateteza. Sankadziwa Chisilamu, analibe chifukwa chokhulupirira alendowa kuposa akuluakulu a ku Makkah omwe ankachita nawo malonda. Chomwe anakana ndi kugamula mwini nkhani ali panja.

Mnzanga uja ndikudziwa anena kuti Ja'far sankaganiziridwa zophulitsa basi, ndipo mfumu inalibe kazitape woti imuteteze. Ndi zoona, nkhani ziwirizi sizifanana ndendende. Koma pa nkhani yachiwiri ija ndi pomwe ndimaona kulemera kwake. Amr atagonja tsiku loyamba, anabwerera m'mawa mwake ndi mlandu woopsa kuposa woyamba. Anauza mfumu kuti anthuwa amanena zoipa za Isa mwana wa Maryam. M'nyumba ya mfumu ya Chikhristu, nduna zachipembedzo zili pomwepo, mlandu umenewu unali wokhudza mpando wake weniweniwo, ndipo kukanakhala kosavuta kuti aumalize mwakachetechete. Najashi anatumanso mthenga kukawaitana. Maswahaba anachita mantha kuposa dzulo lake, koma popeza anadziwa chomwe akukafunsidwa, anakhala pansi n'kugwirizana kuti akanena zomwe Mtumiki anawaphunzitsa, zivute zitani. Ja'far anayankha pamaso pa onse, mfumu inamva, ndipo nthumwi zija zinabwerera ku Makkah ndi mphatso zawo.