Kodi Tikachotsa Chibonga M'nthano, Mwana Tamunamiza?

Mkangano udabuka pakhonde panga masana a Loweruka lina. Mwana wanga wamkazi wa zaka 10 ndi msuweni wake adabwerekana mabuku awiri a pakaunjika, onse osimba za galu mmodzi wotchedwa Buck. M'buku la mwana wanga, lodzala ndi zithunzi, galu wankhanza Spitz atagonja pa ndewu adangothawa. M'buku la msuweniyo Spitz adafera pomwepo. "Adadi, wabodza ndani pamenepa?" adandifunsa.

Mabuku onsewa ndi ofupikitsidwa kuchokera ku The Call of the Wild, lomwe Jack London wa ku America adatulutsa m'chaka cha 1903. Mkuluyu adapita yekha ku Klondike, kumpoto kwa Canada, mu 1897 pomwe anthu ankathamangira golide, ndipo adaona agalu akukoka katundu pa madzi oundana. M'nkhani yake Buck akukhala mwamtendere kwa Judge Miller ku California mpaka wantchito wa m'dimba, Manuel, atamuba n'kumugulitsa chifukwa cha ngongole za juga. Munthu wovala juzi yofiira akumumenya ndi chibonga kufikira atakomoka. Mnzake Curly, galu wofatsa, akukhadzulidwa ndi agalu ena atangofika kumene. Spitz naye akufadi. Choncho pa mfundo iyi msuweni ndiye adali ndi buku loona.

Koma yankho limeneli silidandikhutiritse. Kodi wofupikitsa buku uja adanama, kapena adachita zomwe kholo lililonse limachita pophwanyira mwana nsima? Palibe amene amapatsa khanda fupa. Ine ndemwe ndikamasimbira ana za maliro a kumudzi sindinena zonse.

Chomwe chimandivuta n'chakuti ntchito yofupikitsa ndimaidziwa. Zaka zambiri m'boma ndakhala ndikusandutsa malipoti a masamba 40 kukhala masamba awiri oti abwana awerenge. Mawu aliwonse otsalawo amakhala oona, komabe ndikachotsa ndime ya mijigo yomwe idafa, abwana amagona tulo tabwino pa nkhani yoyenera kuwasowetsa tulo. Munthu akhoza kunamiza mnzake popanda kulankhula bodza ngakhale limodzi.

N'chimodzimodzi ndi Buck. Pakati pa nkhaniyi John Thornton akumulanditsa kwa Hal, yemwe adatsala pang'ono kumupha pomukakamiza kuyenda pa mtsinje woundana womwe udayamba kusungunuka. Posakhalitsa Hal, Charles, Mercedes ndi agalu otsala akumira. Buck akumukonda Thornton mpaka kumukokera katundu wolemera makilogalamu oposa 450 kuti apambane pa kubetcha. Mwana amene sadaone chibonga chija angamvetse bwanji chikondi chotere? Kwa iye Thornton ndi bambo wina chabe wopatsa galu chakudya. Mwana wanga adanena yekha kuti Buck wa m'buku lake n'ngopusa, poti adasiya anthu abwino n'kupita kwa mimbulu popanda chifukwa. Adalondola, pakuti chifukwacho adachichotsa ndi akuluakulu.

Sindikunena kuti chilichonse cholembedwa ndi London n'chopatulika ayi. Kumapeto kwa buku lake Thornton akuphedwa ndi a Yeehat, mtundu wa eni nthaka umene mlembiyo adangoupeka, ndipo Buck akuwapha mowasakaza ngati nyama. Apa London adawalemba eni dziko monga azungu ambiri a nthawi yake ankawaonera, ndipo ife a mu Afirika maonedwe amenewo timawadziwa bwino. Filimu ya 2020, momwe Harrison Ford adasewera ngati Thornton, idawachotseratu a Yeehat n'kupereka mlandu wakuphawo kwa Hal. Kumeneko sindidandaula. Koma filimu yomweyo idamusiya Spitz wamoyo, ndipo apo ndimakana. Kuchotsa tsankho la mlembi n'kuchitira chilungamo anthu omwe adanyozedwa. Kuchotsa imfa n'kudziteteza ife akuluakulu ku mafunso amene timaopa kuyankha.

Agogo athu potisimbira nthano pamoto sankabisa kuti Fisi amadya anzake, ndipo tinkagona bwinobwino. Mwina kusiyana kwake n'kwakuti wosimbayo adali pafupi, akuona nkhope zathu, akudziwa poyenera kufewetsa mawu. Buku silimuona mwana. N'kutheka wofupikitsa uja adaganizira mwana wowerenga yekha usiku, wopanda womufunsa. Ngati ndi choncho, mbali ina ya mlanduwu ndi yanga, ine wogula buku n'kungoliponya patebulo ndikuthamangira ku ofesi.

Madzulo ake ndidatenga buku la msuweni uja n'kuwawerengera onse awiri za Curly, ndikumasulira m'Chichewa pang'onopang'ono. Mwana wanga adakhala chete nthawi yaitali, kenaka adafunsa ngati Manuel adagwidwa. Ndidamuuza kuti ngakhale m'buku lalikulu lija sadagwidwe. Adakwiya zedi, ndipo buku lake la zithunzi adalipereka kwa mng'ono wake wa zaka zisanu.